Kasokedwe ka koseti yogwira thupi, yosazula maayileti

Matelala ambiri diresi amalidziwa kusoka, koma kasitomala akangoti "ndikufuna ya koseti, yomanga ndi chingwe kumbuyoku", thukuta limayamba. Inenso yanga yoyamba inandichititsa manyazi. Ndinasokera mwana wa achemwali anga yovala pa chinkhoswe. Pamwamba ndinaika chitenje chabwino chabuluu, mkati lainingi woterera, ndi boning (timizere tolimba toimitsa nsalu kuti isakwinyike) ya pulasitiki ija amagulitsa pa mita. Pomuyeza kunyumba zonse zinali bwinobwino. Tsikulo perekaniperekani ali mkati, mwana atangowerama kuti avine, maayileti (timphete tachitsulo todutsamo chingwe) atatu a m'chiuno anazuka motsatizana, pulasitiki ija n'kupindika pamimba ngati uta. Mwambo anaumaliza atamukulunga chitenje cha azakhali ake.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nsalu yokongola ya pamwamba ilibe ntchito yogwira thupi. Mphamvu yonse ili mkati: nsalu yolimba yosatamuka, tepi ya m'chiuno, ndi zitsulo ziwiri zotchinga maayileti. Pano tisoka koseti yoyambira pansi pa mabere kukafika pamwamba pa mahipi. Yambani ndi imeneyi. Yophimba mabere ikudikireni mpaka iyi itakukhalirani m'manja.

## Zofunika kukhala nazo

- Nsalu yolimba ya mkati, mita imodzi. Yeniyeni ya makoseti imatchedwa coutil, ya thonje lolukidwa mothinana kwambiri, koma m'mashopu ambiri a nsalu simuipeza. M'malo mwake gulani drill yokhuthala, yonga ya khaki wa yunifolomu, kapena canvas yopepukirapo. Ikokeni ndi manja awiri muli m'shopu momwemo. Ikangotamuka ngakhale pang'ono, isiyeni.
- Nsalu ya pamwamba, theka la mita kapena kupitirirapo: chitenje, satini, chilichonse chimene mwini wake akonda.
- Nsalu yotsika mtengo koma yolimba yosokera koseti yoyeserera. Jinzi yakale yosatamuka imachita bwino.
- Boning yachitsulo ya mitundu iwiri. Yoyamba ndi yophwatalala, ya mamilimita 7 m'lifupi, imene imapindikira kutsogolo ndi kumbuyo kokha; mufunika zinayi za kumsana. Yachiwiri ndi ya sipulingi yophwanyidwa, imene imapindikira mbali zonse. Mufunika khumi, chimodzi pa msoko uliwonse.
- Busk, chitsekero cha kutsogolo: zitsulo ziwiri, china cha tizingwe ta chitsulo, china cha timitu tolowa m'tizingwemo.
- Maayileti a zidutswa ziwiri, okhala ndi wochala yake, a bowo la mamilimita 5, osachepera 24, pamodzi ndi chokhomera chake.
- Tepi yolukidwa yosatamuka, masentimita 2 kapena 2.5 m'lifupi, mita imodzi, ya m'chiuno.
- Bayasi, kansalu kopyapyala kodulidwa mopendekeka kophimbira m'mphepete, mamita awiri ndi theka.
- Chingwe chomangira chophwatalala, mamita 5.
- Ulusi wa poliyesita wolimba, singano za mashini nambala 90 kapena 100, phazi la zipi, choko, tepi yoyezera, rula, pepala lalikulu, sizasi, nyundo, pulayazi, fayilo, simbi, ndi chobowolera chosongoka chija amagwiritsa ntchito osoka nsapato.

Mawu oti boning achokera ku mafupa, koma kalelo ku Ulaya sankaikamo fupa lenileni. Ankaikamo zolimba zina zotuluka m'kamwa mwa anamgumi, zimene zimafewa zikamva kutentha kwa thupi n'kutsatira mmene munthu alili. Chitsulo chinabwera pambuyo pake.

Ngati zitsulozi simukuzipeza, pitani pa kaunjika. Makoseti akale amapezeka m'milu ya zovala zamkati. Mugwire: ikakhala yolemera komanso yozizira m'misoko, muli chitsulo. Isomboleni, mutenge busk ndi boning. Njira ina ndi ma cable tie akuluakulu a ku hadiweya, aja okhuthala a mamilimita 8 kapena 9. Mumadula mutu, n'kupala nsonga ndi fayilo. M'mbali amagwira ndithu, koma kumsana pa maayileti yesetsani mupeze chitsulo.

## Kuyeza ndi kujambula pateni

1. Pezani chiuno chenicheni. Mumangeni munthuyo kachingwe pamimba, muuzeni apendekere kumanja kenako kumanzere. Kachingweko kakakhala pokha pamene thupi limapindikira, kawirikawiri pamwamba pa mchombo, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Chiuno cha koseti ndi chimenecho.

Chenjerani: ambiri amayeza pamene pamakhala lamba wa jinzi. Pamenepo ndi pansi kwambiri, ndipo koseti yake imafinya fupa m'malo mofinya mnofu.

2. Lembani miyeso isanu. Kuzungulira pansi pa mabere, kuzungulira chiuno, kuzungulira mahipi pa masentimita 10 kuchokera pa kachingwe kaja, kutalika kuchokera pa kachingwe kukafika pansi pa mabere, ndi kutalika kuchokera pa kachingwe kukafika pa ntchafu munthu atakhala pampando. Womalizawu musaudumphe. Koseti yotalika kutsogolo imabaya ntchafu, mwini wake n'kumangoima ukwati wonse.

3. Chotserani. Tiyerekeze kuti pansi pa mabere mwapeza 80, chiuno 72, mahipi 90. Pa chiuno pokha chotsanipo masentimita 5 ochepetsera, zitsale 67. Kwa munthu amene sanavalepo koseti musapitirire pamenepo, ngakhale atakuchondererani. Kenako pa miyeso itatu yonseyi chotsaniponso 5 wa mpata wa chingwe kumsana: 75, 62, 85. Gawani pawiri chifukwa tijambula theka la thupi: 37.5, 31, 42.5.

Pansi pa mabere ndi pa mahipi sitichepetsa. Mnofu umene mwaufinya pachiuno uyenera kupeza kopita.

4. Jambulani. Papepala jambulani bokosi la masentimita 42.5 m'lifupi, kutalika kwake kukhale kwa koseti yonse, kutanthauza miyeso iwiri ya kutalika ija mutaiphatikiza. Dutsitsani mzere wa chiuno pamalo ake. Gawani bokosilo m'magawo asanu ndi limodzi, lililonse pafupifupi masentimita 7. Mizere iwiri ya kunja ndi pakati pa mimba ndi pakati pa msana. Imeneyi ikhale yowongoka, osaikhudza. Yotsala isanu ya mkati ndiyo misoko.

Pa mzere wa chiuno tiyenera kudya 11.5 kuti 42.5 ikhale 31. Musagawe mofanana. Kuyambira kutsogolo: msoko woyamba 1.5, wachiwiri 2.5, wa m'mbali 3.5, wachinayi 2.5, wachisanu 1.5. Nambala iliyonse igaweni pawiri, theka kumanja kwa mzere, theka kumanzere. Pamwamba tidya 5, ndiye sentimita imodzi pa msoko uliwonse. Lumikizani madonthowo ndi mzere wokhota mofewa, wopanda ngodya pachiuno.

Lembani manambala 1 mpaka 6 pa magawowo, ndi kamuvi koloza kumwamba, musanadule pepala. Zidutswazi zimafanana moti mukazisokoneza mukhoza kutha tsiku lonse mukuzitembenuza. Onjezani masentimita 1.5 a msoko m'mbali. Kumsana kwa gawo 6 onjezani 5, opindira mkati. Pamwamba ndi pansi musaonjezere chifukwa padzabwera bayasi.

## Koseti yoyeserera

5. Sokani yoyeserera. Apa ndi pamene ambiri amathawa, ati nthawi ndi nsalu. Ine ndinathawa kamodzi, ndipo nkhani yake mwaimva kale. Dulani jinzi ija, lumikizani magawo onse, kutsogolo sokani motseka, matani boning m'misoko ndi tepi yomata, bowolani kumsana, mumuveke.

Yang'anani mpata wa kumsana. Ukakhala wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, pateni ili bwino. Ukatseguka kwambiri pamwamba, nthiti zapanikizika, onjezani pamwamba. Ukatseguka pansi, onjezani pa mahipi. Mbali ziwirizo zikakumana mpaka kugundana, koseti yakula. Makwinya opingasa pachiuno akutanthauza kuti yatalika kapena mzere wa chiuno suli pamalo pake.

Muuzeni akhale pampando, awerame ngati akutola chinthu, apume mpweya wambiri. Ayikhalitse mphindi 20. Mukaivula onani pakhungu: pamene pafiira kwambiri kapena pachita mzere wakuya, pamenepo pakufunika malo. Konzani papepala, osati pamutu.

## Kudula ndi kulumikiza

6. Chapani ndi kusita nsalu zonse ziwiri. Chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi, ndipo thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba. Nsalu ya pamwamba ikadzafupika yokha ya mkati ili chikhalire, koseti yonse imakwinyika osawongokanso.

7. Dulani motsata ulusi wa nsalu. Kamuvi ka gawo lililonse kayende limodzi ndi mphepete mwa nsalu, mzere wa chiuno upingase ndendende. Musapendeketse gawo pofuna kupulumutsa nsalu kapena kuti duwa la chitenje likhale pakati. Gawo lopendekeka limatamuka, ndipo koseti imapotokera mbali imodzi pathupi. Pa nsalu yolimba dulani magawo 12, ndi ena awiri a nambala 1 ophimbira busk. Pa ya pamwamba dulani 12. Lembani mzere wa chiuno ndi nambala kuseri kwa chidutswa chilichonse, ndi chizindikiro chosiyanitsa za kumanja ndi za kumanzere.

8. Phatikizani nsalu ziwirizo gawo ndi gawo. Ikani chitenje pamwamba pa drill, mbali yokongola kunja. Musazibaye mapini zili phwatalala patebulo. Ziikeni pa ntchafu yanu kapena pa botolo lalikulu kuti zikhote monga zidzakhotera pathupi, ndiye mubaye. Nsalu ya kunja imayenda ulendo wautali pang'ono kuposa ya mkati, ndipo mukaimana malo amenewo imakoka misoko. Sokani m'mphepete ndi msoko wautali wongogwirizira. Kuyambira pano chidutswa chilichonse ndi nsalu imodzi.

9. Ikani busk musanalumikize china chilichonse. Busk ikhale yofupikirapo ndi masentimita 3 poyerekeza ndi kutsogolo kwa koseti, kuti bayasi apeze podutsa. Mbali ya tizingwe imapita kumanja kwa wovala.

Gonekani gawo 1 la kumanja ndi chophimbira chake, mbali zokongola zitayang'anizana. Ikani busk pa mzere wa msoko, lembani ndi choko pamene kachingwe kalikonse kayambira ndi pamene kathera. Sokani mzerewo koma muzidumpha malo mwalembawo, ndipo muzibwerera kumbuyo poyamba ndi pomaliza pa kachidutswa kalikonse. Tembenuzani, sitani, lowetsani busk kuti tizingwe tituluke m'mipata ija. Ndi phazi la zipi sokani mogundiza chitsulo kuti chisagwedere.

Mbali ya kumanzere sokani msoko wonse osadumpha, tembenuzani, sitani. Gundanitsani mbali ziwirizo, mizere ya chiuno ikumane, lembani dontho mkati mwa kachingwe kalikonse. Pa dontho lililonse lowetsani chobowolera pang'onopang'ono pa gawo 1 lokha (chitenje ndi drill yake), osati pa chophimbira, kuti ulusi upatuke osaduka, kenako tulutsani kamutu ka busk. Bowolani limodzi, lowetsani, ndiye mupite pa lina. Mukabowola onse nthawi imodzi oyamba aja amatsekeka.

Chenjerani: posoka pafupi ndi chitsulo zungulizani gudumu la mashini ndi dzanja. Singano ikagunda busk imathyoka, ndipo kansonga kake kamauluka molunjika kumaso.

10. Lumikizani magawo. Chepetsani msoko wa mashini ufike mamilimita 2. Yambani kubaya mapini pa mzere wa chiuno, kenako kumwamba, kenako kumunsi. Pamwamba pakasiyana pang'ono mudzadula, koma chiuno chikasiyana mwaononga. Lumikizani 1 ndi 2, 2 ndi 3, mpaka 6, mbali iliyonse payokha. Msoko uliwonse udutseni kawiri. Chekani timano pa nsalu yotsala ya msoko pamene pakhota kwambiri, osafika pa ulusi, kenako tsegulani msokowo ndi simbi.

11. Ikani tepi ya m'chiuno. Ichi n'chimene chimasiyanitsa koseti ndi bulauzi yothina. Gonekani tepi mkati, motsata mzere wa chiuno, kuyambira pa busk mpaka kumsana. Ikhale yokoka pang'ono, osati yolendewera. Igwirizeni ndi mapini pa msoko uliwonse. Nsonga ya kutsogolo ilowe pansi pa chophimbira cha busk ndipo isokedwe zolimba, ya kumsana idzalowa mu mpindiro wa maayileti. Munthu akamanga chingwe, mphamvu yonse imathera pa tepi imeneyi, osati pa misoko.

12. Sokani njira za boning. Dulani timizere ta drill ta masentimita 3 m'lifupi, pindani mbali zonse ziwiri mkati, sitani. Gonekani kamzere pamwamba pa msoko uliwonse mkati mwa koseti, kudutsa pamwamba pa tepi ya m'chiuno. Sokani mbali zonse ziwiri kuti pakati patsale njira ya mamilimita 9 kapena 10 ngati boning yanu ndi ya 7. Yesani kaye pa kansalu kotsala. Njira ikathina chitsulo sichilowa, ikakula chimatembenuka n'kuyamba kubaya ndi mpeni wake. Mizere yonse isokeni kuchokera pamwamba kupita pansi. Mukamasinthasintha nsalu imachita mafunde.

## Kumsana, pamene zambiri zimaonongekera

13. Pangani malo a maayileti. Pindani masentimita 5 aja mkati, sitani. Kuchokera m'mphepete sokani mizere motere: woyamba mamilimita 2 kuchokera kunsonga, kenako njira ya chitsulo chophwatalala, kenako mpata wa masentimita 1.5 wa maayileti, kenako njira inanso ya chitsulo chophwatalala. Maayileti akhale pakati pa zitsulo ziwiri ngati mwana pakati pa makolo. Zitsulozo zimagawa mphamvu ya chingwe kumsana konse, m'malo moti ileti limodzi lisenze lokha. Pano sipulingi siyenera, imagonja.

14. Khomani maayileti. Lembani madontho motalikirana masentimita 2.5, kuyambira masentimita 2 kuchokera pamwamba. Pachiuno ayandikizeni, awiri akhale moyandikana, lina pamwamba pa mzere lina pansi pake. Mbali ziwiri zifanane ndendende. Gonekani ina pa inzake pojambula.

Bowolani ndi chobowolera chosongoka, n'kukulitsa bowolo ndi pensulo kapena kamtengo kosongola. Nsalu ikalimba kwambiri, dulani kabowo kakang'ono kuposa ileti, kotsalako mukulitse potamula. Bowo lalikulu ndi limene limazula maayileti. Lowetsani ileti kuchokera kunja, wochala mkati, khomani pa thabwa lolimba lili pa simenti. Mukatha lipapaseni ndi chala. Likamazungulira silinagwire, likhomeninso. Likang'ambika n'kuchita mano, lichotseni ndi pulayazi, lidzadula chingwe ndi kukanda msana.

Maayileti achitsulo anayamba kugwiritsidwa ntchito pa makoseti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820. Zisanatero mabowo onse ankasokedwa ndi manja, ulusi kuzungulira bowo. Njira imeneyi ikadali yabwino: ngati mwangopeza maayileti opanda wochala, bola kusoka mabowo pamanja ndi ulusi wokhuthala kusiyana n'kukhoma amenewo.

## Kumaliza

15. Dulani ndi kulowetsa boning. Yezani njira iliyonse payokha, chotsanipo masentimita 2.5. Chitsulo chophwatalala chiduleni, chipaleni ndi fayilo mpaka nsonga izungulire ngati chikhadabo, kenako muikulunge ndi tepi yoyera ya mapaipi a madzi. Sipulingi simuidula yonse nthawi imodzi: tsinani waya wa mbali imodzi ndi pulayazi, kenako wa mbali inayo, imalekana yokha. Ivekeni tizipewa take tachitsulo, kapena muikulunge tepi yomweyo mochindikala. Nsonga iliyonse muziyesa padzanja lanu. Ikakukandani inu, nsalu idzaibowola.

16. Ikani bayasi. Linganizani m'mphepete ndi sizasi. Sokani bayasi pansi poyamba, lowetsani boning yonse, ikankhireni pansi, ndiye musoke pamwamba ndi phazi la zipi. Mbali ya kunja sokani pa mashini, ya mkati malizani pamanja. Ngati muli ndi nthawi, sokani timizere ta ulusi wokhuthala pa nsonga za boning iliyonse, kudutsa nsalu yonse. Makoseti akale ankatero mokongoletsa, koma ntchito yake ndi kugwira chitsulo chisayendeyende.

17. Lowetsani chingwe. Yambani pamwamba, muzipingasa ngati nsapato. Mukafika pa maayileti awiri oyandikana a pachiuno, musawoloke: chingwe chituluke pa lapamwamba n'kulowa pa lapansi mbali yomweyo, kusiya khutu lalitali mbali iliyonse. Pitirizani kupingasa mpaka pansi, mangani mfundo. Makutu awiriwo ndiwo okokera, kotero kuti kukoka kumayambira pachiuno.

Pomupatsa mwini wake muuzeni izi. Amasule chingwe kaye asanatseke kapena kutsegula busk, apo ayi timitu timathyoka. Masiku oyamba ayivale ola limodzi kapena awiri osamangitsa, nsalu izolowere thupi. Mkati avale kamalaya kopyapyala kolandira thukuta, makamaka mwezi wa Okutobala. Ikamapweteka, kapena akamalephera kupuma bwino, amasule pomwepo. Woyembekezera asavale, ndipo amene wangobereka kumene, makamaka wa opareshoni, ayambe wafunsa kuchipatala.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukhulupirira boning kuti ndiyo imachepetsa chiuno. Boning imangoimitsa nsalu kuti isakwinyike. Chimene chimaumba thupi ndi kadulidwe ka magawo. Pateni ikakhala yowongoka ngati chitini, ngakhale mutaikamo zitsulo 30 idzafinya nthiti ndi mahipi, chiuno n'kutsala chomwecho.

Boning ya pulasitiki yopyapyala yosokera pamwamba. Imathandiza pa diresi lopanda mapewa kuti lisagwe. Pa koseti yomanga ikamva kutentha imapindika pachiuno, ndipo ikapindika sibwereranso.

Kumata nsalu ndi sitifeningi pofuna kuti ilowe m'malo mwa drill. Imaoneka yolimba patebulo. Pathupi guluu uja amalekana n'kusiya matuza.

Kupanga koseti yotseka kumsana mpaka kugundana. Akasitomala ena amadana ndi mpata, ati msana ukuoneka. Musachotse mpatawo. Asokereni kansalu kolimba ka masentimita 12 kapena 13 m'lifupi, ka chitenje chomwecho, kolowa pansi pa chingwe. Kalumikizeni mbali imodzi yokha.

Kuichapa ngati malaya. Chitsulo chikanyowa n'kuchedwa kuuma chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limatulukira pa nsalu. Ikavulidwa iyanikidwe pamthunzi mkati muli kunja, pothimbirira apukute ndi kansalu konyowa. Poisunga asaipinde pakati. Aikulunge motsata kutalika kwa zitsulo, kapena aipachike pa chingwe chake.